MGOLO WA NKOLOSO NDI OWERUZA A NTHANO ZA SAYANSI

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za mtundu wina wa mabuku, ndi za anthu amene nchito yao ndiyo kuweruza mabukuwo. Koma ndiyambe ndi nkhani ya kwathu konkuno, imene ambiri a inu munaimva kwa makolo anu.

M'caka ca 1964, pamene dziko lino linali pafupi kulandira ufulu wace, pa munda wina wosiyidwa, mailosi 7 kucokera m'tauni ya Lusaka, anyamata anali kulowa mmodzi-mmodzi mumgolo wa mafuta, anzao ndi kuwakunkhuniza kutsetsereka citunda. Mphunzitsi wao anali Bambo Edward Mukuka Nkoloso. Iyeyu anabadwa mu 1919, anamenya nao nkhondo yaciwiri ya dziko lonse m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, anaphunzitsa sukulu, analowa m'ndende cifukwa ca ndale za ufulu, ndipo mu 1960 anayambitsa cimene anacicha Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Anauza olemba nyuzi kuti Zambia adzatsogolera Amereka ndi Russia kufika ku mwezi. Kuti ku Mars adzatumizako mtsikana dzina lace Matha Mwamba, amphaka awiri ndi mmishoni mmodzi. Ndi kuti wapempha UNESCO mapaundi 7,000,000. Ndalama sizinabwere, combo sicinauluke, Boma linati nchitoyo si yace, ndipo ophunzira aja anabalalika.

Nyuzi za kunja zinaseka. Magazini ya Time inamuchula pa nthawi ya ufulu wathu, ojambula kanema anabwera kudzajambula mgolo uja, ndipo kwa zaka zambiri dzina la Nkoloso linali loseketsa anthu. Koma mu 2020 buku limene Nkoloso ndi Matha alimo linalandira mphoto yaikulu ya ku Britain ya nthano za sayansi. Mgolo ndi womwe uja, sunasinthe. Cimene cinasintha ndico kawerengedwe ka nkhani yace. Tsono funso langa ndi ili: ndani amene asintha kawerengedwe ka nkhani, ndipo mphamvu yotere aitenga kuti?

NTHANO ZA SAYANSI NCIANI?

Angerezi azicha science fiction. Ine madzulo ano ndizicha nthano za sayansi.

Pamene agogo ayamba nthano ndi mau akuti "Padangokhala," ife ndi kuyankha kuti "Tiri tonse," palibe mwana amene afunsa kuti Kalulu anaphunzira kuti kulankhula. Tonse tavomerezana kuti m'dziko la nthano nyama zilankhula. Nthano ya sayansi iyamba mwa njira yina. Wolemba atenga cinthu cimodzi cimene kulibe lero, koma cimene nzeru za anthu zingathe kucipanga kapena kucipeza, ndipo atsata mapazi ace kuti aone kumene citifikitsa.

Nditenge citsanzo ca kwanu, inu a ku Kitwe ndi ku Mufulira. Tinene kuti kwabwera makina okumba mkuwa pansi popanda munthu ndi mmodzi yemwe. Kufotokoza mano ndi mawaya a makinawo si nthano ai. Nthano iyamba pamene tifunsa kuti: nanga bambo amene watsika mumgodi zaka 20 adzacita ciani m'mawa mwace? Nyumba ya kampani adzakhalamobe? Mwana wace adzaphunzira nchito yanji? Ndalama za mkuwa zidzalowa m'thumba la yani? Wolemba wabwino apeka makina kuti ationetse anthu.

Ena ayesa kuti nthano zimenezi ndi ulosi. Nzoona kuti Jules Verne wa ku France analemba mu 1865 za anthu oponyedwa kunka ku mwezi kucokera ku Florida, ndipo mu 1969 combo ca Apollo 11 cinanyamukira ku Florida komweko. Koma Verne anaika anthu ace mumzinga waukulu, ndipo munthu woponyedwa ndi mzinga wotero akanafera pomwepo. Buku lace liwerengedwabe cifukwa linazoloweretsa anthu kuganiza za mwezi monga malo ofikika.

NCHITO YA WOWERUZA MABUKU

Inu a ku migodi mudziwa kuti mwala wotuluka pansi sungothamangira ku ng'anjo. Alipo anthu amene atapako zidutswa, nazipera, naziyesa, kuti adziwe kuculuka kwa mkuwa uli m'menemo. Iwo sakumba, sasungunula, koma mau ao ndiwo anena kuti mwala uwu upite ku ng'anjo, uwo ukatayidwe pa mulu. Woweruza mabuku ali monga munthu ameneyo. Nchito zace ziripo zitatu. Yoyamba, kuyesa buku ngati liri labwino. Yaciwiri, kunena mtundu wace. Yacitatu, kulongosola mbiri ya banja lace, kuti buku ili linabadwa kwa yani ndipo labala ayani.

Nthano za sayansi zinakhala zaka zambiri zopanda dzina ndi zopanda oweruza. Verne ndi H. G. Wells anawerengedwa monga olemba nkhani zodabwitsa, yense payekha. Amene anawasonkhanitsa m'khola limodzi anali Hugo Gernsback, munthu wa ku Luxembourg amene anasamukira ku New York nagulitsa zipangizo za wailesi. M'mwezi wa April 1926 anayamba magazini yochedwa Amazing Stories. Anasindikizanso nkhani zakale za Verne, Wells ndi Edgar Allan Poe, nauza owerenga kuti amenewa ndiwo makolo a mtundu umene iye alikuyambitsa. Onani bwino apa: mtundu wa mabuku unayamba kudziwika tsiku limene munthu wina anaima nachula maina a makolo ace.

Gernsback anacita cinthu cinanso. Anasindikiza makalata a owerenga pamodzi ndi makeyala ao. Owerengawo anayamba kulemberana, kutsutsana, ndi kupanga timagazini tao-tao. Oweruza oyamba a nthano za sayansi anaturuka m'menemo. Sanali maprofesa, ambiri anali anyamata osauka okonda kuwerenga.

Mmodzi wa iwo anali Damon Knight. Mu 1945 anatenga buku la A. E. van Vogt, wolemba wokondedwa kwambiri pa nthawiyo, nalimasula mfundo ndi mfundo, naonetsa kuti zocitika zace sizinali kugwirizana. Anthu ambiri anakwiya. Koma Knight anaumirira kuti nthano za sayansi ziyenera kuyesedwa ndi muyeso womwewo umene tiyesera mabuku ena onse, pakuti kuzilekerera ndiko kuzinyoza. Zolemba zace zinasonkhanitsidwa mu 1956 m'buku lochedwa In Search of Wonder. Mnzace James Blish anacita nchito yomweyo pobisala m'dzina lakuti William Atheling, ndipo buku lace linaturuka mu 1964, caka comwe cija ca mgolo. Mu 1960 Kingsley Amis, wolemba womveka wa ku England, anaturutsa New Maps of Hell, ndipo anthu ophunzira amene kale anali kubisa timagazini tija pansi pa mtsamiro anayamba kuwerenga poyera. Pambuyo pace mayunivesite anatsegula makomo. Magazini ya akatswiri yochedwa Science Fiction Studies inayamba mu 1973.

Musayese kuti woweruza salakwa. Philip K. Dick, amene lero awerengedwa pakati pa akulu a mtundu uwu, ananena poyera kuti anaphunzira zambiri kwa van Vogt yemwe uja amene Knight anamnyoza. Woyesa miyala nthawi zina ataya mwala wabwino, ndipo a m'mbuyo abwera kudzafukula mulu umene iye anataya.

MLANDU WA MAKOLO NDI MLANDU WA MALIRE

Kwathu kwa Acewa mwana ndi wa kwa amace, ndipo pa mlandu wa ufumu akulu afunsa za mimba imene munthu anabadwamo. Oweruza a nthano za sayansi anakhala nao mlandu wotere. Amereka anati atate wa mtundu ndi Gernsback, nacha mphoto yao yaikulu dzina lace, Hugo, kuyambira 1953. Koma mu 1973 Brian Aldiss wa ku England analemba mbiri yochedwa Billion Year Spree, nati tifunefune mai. Mai ameneyo anati ndi Mary Shelley, mtsikana amene anayamba kulemba Frankenstein ali ndi zaka 18, nalisindikiza mu 1818. M'bukumo wophunzira wina apanga munthu ndi nzeru za sayansi, osati ndi matsenga, ndipo ataona cimene wapanga acithawa.

Mlandu uwu si wacabe. Mukati kholo ndi Gernsback, ndiye kuti mtundu wonse ngwa makina ndi kutama makina. Mukati kholo ndi Mary Shelley, ndiye kuti ciyambire mtunduwu ufunsa za mangawa a munthu pa cimene wapanga. Posankha kholo musankha ndi ana omwe amene adzalowa m'nyumba.

Pambuyo pa makolo panabwera mlandu wa malire. Darko Suvin, wobadwira ku Zagreb, amene anaphunzitsa ku Montreal, anaturutsa mu 1979 buku lochedwa Metamorphoses of Science Fiction. Iye anati nthano ya sayansi iyenera kukhala ndi cinthu catsopano cimene cisandutsa dziko lozolowereka kukhala lacilendo, ndipo cinthuco ciyenera kulongosoleka ndi nzeru, cosadalira matsenga. Nthano za mizimu ndi za nyanga anazitsekera kunja.

Tiyese muyeso wa Suvin pa zinthu ziwiri za kwathu. Anthu akamba za mfiti youluka usiku pa licero. Nkoloso anakamba za kuuluka m'combo ca citsulo. Zonse ziwiri siziuluka. Koma licero silifunsidwa mafunso. Ukafunsa kuti liuluka bwanji, yankho ndi lakuti ndi mankhwala, nkhani yathera pomwepo. Combo cifunsika. Tingathe kuwerengera kuti cinthu cofuna kucoka pa dziko lapansi osabwereranso ciyenera kuthamanga mailosi 7 pa sekondi imodzi, ndiwo mtunda womwe uja wa kucokera m'tauni kufika ku munda wa Nkoloso, m'kuphethira kwa diso. Tingathe kuonetsa kuti mgolo sungafike liwiro lotero. Cinthu cimene cingatsutsidwe ndi masamu ciri mkati mwa mpanda wa Suvin, cingakhale calephera.

Muyeso umenewu uli ndi phindu. M'zaka za m'ma 1950 munamveka mbiri m'dziko muno ya banyama, anthu oyenda ndi galimoto usiku kugwira anzao ndi kuwapopa magazi. Luise White, m'buku lace la mu 2000, anaonetsa kuti m'mbiri zotere anthu anali kulankhula za mantha ao enieni: nchito yokakamiza, jekeseni imene sanauzidwe tanthauzo lace, ulamuliro wosafunsa eni dziko. Koma mphekesera siuza munthu kuti ine ndine wopeka. Ku Malawi mu 2017 anthu anaphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa. Nthano ya sayansi itenga mantha omwewo, niwaika pa pepala pamene tonse tidziwa kuti ncopeka, kuti tiwayang'ane popanda kutola mwala.

Komabe mpanda wa Suvin unatsekera kunja mabuku ambiri a mu Africa, m'mene makina ndi mizimu ya makolo zikhala pa bwalo limodzi monga zikhalira m'moyo wa anthu. Tidzabwerako ku mfundo imeneyi.

IFE TINALI KUTI M'NTHANO ZIMENEZI?

Tinalimo ciyambire, koma tinali oyang'anidwa. Mu 1885 H. Rider Haggard analemba King Solomon's Mines. Azungu atatu afika ku dziko lobisika la mu Africa kufuna migodi ya miyala ya mtengo wapatali. Ali ndi kabuku koonetsa masiku, adziwa kuti kudzakhala kadamsana, ndipo auza eni dziko kuti iwo ndiwo adzadetsa kumwamba. Sayansi m'bukumo ndi ndodo ya mlendo yoopsera mwini mudzi.

Mu 1898 Wells anatembenuza nkhaniyi. M'buku lace The War of the Worlds, zolengedwa za ku Mars zitera pafupi ndi London ndi zida zimene Angerezi sangathe kulimbana nazo. Pa ciyambi pomwe Wells akumbutsa owerenga ace za anthu a ku Tasmania, amene Azungu anawatha m'zaka 50, nawafunsa ngati ali nako kolowera kudandaula. Akulu athu anati caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

Kwa nthawi yaitali oweruza anawerenga mabuku awiriwa monga nkhani za ulendo ndi za nkhondo cabe. Mu 2008 John Rieder, wa ku yunivesite ya Hawaii, anaturutsa buku lochedwa Colonialism and the Emergence of Science Fiction. Anaonetsa kuti nthano za sayansi zinakula pamodzi ndi utsamunda, ndi kuti cithunzi cace cacikulu, ca combo cotera pakati pa anthu acilendo, cinatengedwa ku zimene zinacitikadi m'maiko onga lathu. Kwa wowerenga wa ku London kubwera kwa alendo a zida zoposa ndi nthano ya mawa. Kwa ife ndi mbiri ya agogo.

Tsono bwererani kwa Nkoloso muli ndi mfundo imeneyi m'manja. Iye analemba m'nyuzi kuti ayang'ana Mars ndi galasi loonera kutali, napeza kuti kumeneko kuli anthu osatsungula; kuti adzawatumizira mmishoni; koma kuti wamcenjeza mmishoniyo asakakamize anthuwo Cikristu ngati sacifuna. Olemba nyuzi a mu 1964 anamva mau awa nati munthuyu mutu wace suli bwino. Koma taganizani amene alikulankhula. Ndi munthu wophunzira ku mishoni, wolowa m'ndende ya atsamunda, wa m'dziko limene David Livingstone anaferamo mu 1873. Iye atenga mau onse amene ananenedwa pa ife, nawaloza kumwamba. Wells anacita comweco ndi colembera, ndipo anachedwa kholo la mtundu. Nkoloso anacita ndi mgolo, ndi cisoti ca usilikari, nachedwa wamisala.

Sindinena kuti zonse zinali nthabwala. Kumbukirani masiku aja: Sputnik inazungulira dziko mu 1957, Yuri Gagarin mu 1961, ndipo pa 24 October 1964 dziko lino linali ndi anthu ace otsiriza maphunziro a yunivesite ngati 100 okha. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966. Munthu woima pa nthawi yotere ndi kunena kuti mwana wa mu Africa ali ndi gawo lace kumwamba anali kunena coonadi, cingakhale cipangizo cace cinali copanda pace. Ndipo Nkoloso sanathere pa mgolo. Anagwira nchito ku African Liberation Centre mu Lusaka, kumene omenyera ufulu a maiko oyandikana nafe anali ndi maofesi ao. Analandira digiri ya malamulo ku yunivesite ya Zambia mu 1983. Ndipo atamwalira mu 1989 anaikidwa ndi ulemu wa Boma.

MWANA WA LUSAKA AWERENGANSO NKHANIYI

Anayamba kufukula mulu ndi ojambula. Mu 2012 Cristina de Middel wa ku Spain anaturutsa buku la zithunzi lochedwa The Afronauts, ndipo mu 2014 Frances Bodomo wa ku Ghana anapanga kanema wamfupi wa nkhani yomweyo. Onse awiri anapeka zithunzi zao. Sanafotokoze munthu mwini.

Amene anafuna munthuyo anali Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka mu 1980, amene anaphunzitsa za mabuku ku Berkeley ndi pambuyo pace ku Harvard. Iye ndi wolemba ndiponso woweruza. Mu 2017 analemba nkhani yaitali mu New Yorker, atafunsa anthu ndi kufufuza m'makalata akale. Anaika poyera moyo wonse wa Nkoloso wa ndale umene nyuzi za mu 1964 zinaulumpha, nafunsa ngati oseka aja sanali iwo eni osekedwa. Mlandu sanaugamule; anausiya wotseguka, koma kuyambira pamenepo nkobvuta kuchula mgolo osachula ndende.

Mu 2019 anaturutsa The Old Drift. Dzinali ndi la kamudzi ka Azungu oyamba pa Zambezi, pamwamba pa mathithi, kumene malungo anapha ambiri. Buku litsata mabanja atatu kwa mibadwo itatu. Lipita ku Kariba, kumene cipupa cinamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959 ndipo Atonga okwana 57,000 anasamutsidwa. Lipita ku Kalingalinga. Matha alimo, ali mtsikana wanzeru wophunzira kwa Nkoloso. Pakati pa mitu alankhula ndi udzudzu. Ndipo pofika ku mapeto buku lilowa m'zaka zimene zinali zisanafike polemba: anthu a m'Lusaka ali ndi timikanda ta intaneti toikidwa m'manja mwao, katemera wa AIDS alikuyesedwa pa anthu, ndipo mdzukulu wa Matha apanga timakina touluka tonga udzudzu.

Apa oweruza anapeza nchito. Mbali yaikulu ya bukuli ndi mbiri. Mbali yina ndi yodabwitsa mwa njira ya nthano: mkazi womera tsitsi thupi lonse, mkazi wolira misozi zaka ndi zaka. Makina atsopano aoneka kothera. Pa muyeso wouma wa Suvin, ambiri akanati ili si la m'khola lathu. Koma oweruza a mphoto ya Arthur C. Clarke, imene iperekedwa ku Britain kuyambira 1987, analisankha mu 2020 kukhala loposa onse a cakaco. Ndalama ya mphotoyo itsata nambala ya caka: mapaundi 2,020. Ncocepa poyerekeza ndi 7,000,000 aja, koma ndi mphotoyo ophunzira a Nkoloso analowa m'mbiri ya nthano za sayansi pa khomo la kutsogolo.

Cifukwa cace ciri m'bukumo. Likuonetsa kuti ciyambire 1900 dziko lino lakhala likulandira zinthu zatsopano zocokera kunja, njanji, mgodi, cipupa ca madzi, mankhwala, foni, ndipo nthawi zonse funso ndi limodzi: wapindula ndani, wasamutsidwa ndani? Wowerenga akafika ku timikanda ta m'manja azindikira kuti nthano ya sayansi inayamba kale pa tsamba loyamba.

Serpell sali yekha. Lauren Beukes wa ku South Africa analandira mphoto yomweyo mu 2011. Ivor Hartmann wa ku Zimbabwe anasonkhanitsa nkhani za olemba a mu Africa m'buku la AfroSF mu 2012. Kwa abale athu ku Malawi, Shadreck Chikoti anaturutsa Azotus the Kingdom mu 2015, nkhani ya Africa wa zaka 500 zirinkudza, ndipo anatsogolera nchito ya buku la Imagine Africa 500, m'mene muli nkhani ya Muthi Nhlema ndi za ena. Mu 2017 olemba a mu Africa anayamba kupereka mphoto zao-zao zochedwa Nommo.

Ndi oweruza a kwathu anayamba kuika malire ao. Mu 1993 Mark Dery wa ku Amereka anapeka dzina lakuti Afrofuturism, ponena za luso la anthu akuda a ku Amereka. Mu 2019 Nnedi Okorafor, wa makolo a ku Nigeria, anati dzinalo silikwana pa mabuku ozika mizu mu Africa mwini, napereka lina, Africanfuturism. Ndipo mabuku amene alemekeza za mizimu ndi miyambo anawapatsa dzina laonso. Mwina mudzati awa ndi makani a maina cabe. Koma taona kale kuti wochula maina ndiye atsegula ndi kutseka khomo. Gernsback anacita zimenezi mu 1926, ndipo palibe cifukwa cakuti ife tidikire wina kudzaticitira.

GAWO LANU

Mabuku a kwathu amene ndachulawa ngolembedwa m'Cingerezi, ndipo ndi kuweruza kwace komwe kwacitika m'Cingerezi, kwambiri kunja kwa dziko lino. Pamenepa mpamene pali ngozi. Nkhani ya Nkoloso inakhala zaka 50 m'manja mwa oseka, cifukwa amene anali kudziwa za ndende ndi za mishoni sanali amene anali kulemba. Mtundu wa anthu wosaweruza nkhani zace udzamva za iwo wokha kwa alendo.

Kumbukirani kuti oweruza oyamba anali owerenga wamba olemberana makalata. Cotero inu, mnyamata wa ku Chelstone amene uona ndege zikutsika kunka ku bwalo, inu mai wa ku Kabwata amene mulandira ndalama pa foni, inu bambo wotsika mumgodi, mukaona kanema kapena kuwerenga buku la mtundu uwu, dzifunseni mafunso atatu. Loyamba: cinthu catsopano m'nkhaniyi nciani, ndipo wolemba watsata mapazi ace moona, kapena waciiwala panjira? Laciwiri: ndani ali m'combo, ndani aima pansi kuyang'anidwa? Lacitatu: m'dziko la mawa limene wolembayu wajambula, kodi anthu onga ife alimo, ndipo alankhula cinenero canji? Mukayankha mafunso awa kwa mnzanu pa basi kapena pa bwalo la mpira, mwayamba kale nchito ya Knight ndi ya Serpell.

Ndipo wina mwa inu ayese kulemba. Alembe m'Cinyanja za Lusaka wa zaka 100 zirinkudza: madzi adzacokera kuti, Cairo Road adzayendamo ciani, malire a pakati pa Kabulonga ndi Kalingalinga adzakhalapobe kapena ai. Akatha apatse mnansi wace wosaopa kunena zoona kuti ayese mwalawo. Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. A Nkoloso anagonera zaka 56. A mdzukulu wace asagonere cotero.